Sewero la Khrisimasi: Kodi Tikuseka Yani?

Nyengo ya Adventi ikafika, achinyamata m'maparishi mwathu amayamba kukonzekera sewero la kubadwa kwa Ambuye. Mwambo umenewu ngwabwino, ndipo muzu wake ngwakale. M'chaka cha 1223, Francis Woyera wa ku Assisi adaika chodyeramo ziweto, udzu, ng'ombe ndi bulu m'phanga la ku Greccio, m'dziko la Italy, kuti anthu aone ndi maso ao umphawi umene Mwana wa Mulungu adabadwiramo. Tsono tiyenera kufunsa: kodi masewero athu akutionetsabe zimene woyera uja ankafuna kuti tione?

Tiyambe ndi abusa. M'masewero ambiri iwo ndiwo zidole za tsikulo. Amalowa atavala nsanza, akulimbirana mbatata yootcha. Mngelo akaoneka amagwa chagada, tchalitchi chonse nkufa ndi phwete. Koma Luka Woyera sadawalembe ngati zitsiru. Adali anthu ogona kuthengo usiku poyang'anira ziweto, ndipo Mulungu adawasankha kuti akhale oyamba kumva Mthenga Wabwino, ansembe a ku Yerusalemu asanaumve. Abusa otere kwathu kuno tili nao: ana amene amakhalira kutsata ng'ombe za eni ku dambo pamene anzao ali m'kalasi. Tikamaseka nsanza za mbusa wa m'sewero, mwana wovala nsanza zenizeni amene waima pakhomo la tchalitchi amaphunzirapo chiyani?

Wachiwiri ndi Herode. Gawo lake amalipereka kwa mnyamata wodziwa nthabwala koposa onse, ndipo mfumuyo imasanduka chidakwa chongobwebweta. Kuseka wankhanza sikulakwa, pakuti nthabwala zimamuvula ulemu wabodza. Cholakwika nchakuti sewero limathera pomwepo. Mateyo Woyera akutiuza kuti Herode adaphetsa ana aamuna onse a zaka ziwiri ndi ocheperapo ku Betelehemu ndi midzi yozungulira, chifukwa choopa kulandidwa mpando. Eklezia amakumbukira ana amenewa pa 28 Disembala, patangopita masiku atatu chichitikire chikondwerero cha Khrisimasi, kuti chimwemwe chisatiiwalitse misozi ya amayi ao. Yosefe ndi Maria adathawira ku Ejipito usiku, mwana ali m'manja. Ife nkhani imeneyi sitingaiyese nthano: pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene idatha mu 1992, dziko lino lidasunga othawa kwao oposa 1 miliyoni, ndipo kuyambira 1994 ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kwakhala kukufika mabanja othawa nkhondo za ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Sewero lodumpha ulendo wa ku Ejipito likutibisira nkhope zao.

Wachitatu ndi mwini nyumba ya alendo, amene amathamangitsa Maria mokalipa. Munthu ameneyu m'Malembo Oyera mulibe. Luka adangolemba kuti malo adasowa, osatchula wokana. Sewero lidadzipangira woipa mmodzi, ndipo ife oonera timamuloza chala nkumadziona osalakwa. Komabe chitseko cha wosauka kawirikawiri sichitsekedwa ndi munthu wolusa. Chimatsekedwa mwakachetechete, ndi anthu aulemu ao, ena a iwo oimba bwino m'kwaya. Khrisimasi imatipeza nkhokwe zambiri zitayamba kupepuka. Ndi nthawi imene mayi amasiya munda wake uli thengo nkukapalira wa mnzake kuti alandire kambale ka ufa. Nthawi imene wogula chimanga motchipa pokolola amachigulitsa pa mtengo woboola m'thumba. Nthawi imene wakatapila amalanda mbuzi yotsiriza ya mkazi wamasiye. Apa mpamene Ambuye akusowa malo lero.

Pali zigawo ziwiri zimene masewero athu sazionetsa, chonsecho ndizo mfungulo ya nkhani yonse. Choyamba ndi nyimbo ya Maria kunyumba kwa Elizabeti, yotamanda Mulungu amene amagwetsa odzikuza, nakweza onyozeka, nadyetsa anjala. Chachiwiri ndi nsembe ya m'Nyumba ya Mulungu, Yesu ali ndi masiku 40. Lamulo la m'buku la Levitiko, mutu 12, linkafuna mwanawankhosa, koma linkalola wosauka kupereka njiwa ziwiri kapena maunda awiri. Maria ndi Yosefe adapereka mbalame. Mulungu sadangochezera amphawi; adabadwa mmodzi wa iwo.

Nchifukwa chake Msonkhano wa Maepiskopi wa ku Roma mu 1971 udaphunzitsa kuti kugwirira ntchito chilungamo ndi mbali yeniyeni ya kulalika Mthenga Wabwino, osati choonjezera cha okonda ndale. Maepiskopi athu nawonso, m'kalata yao ya Lenti ya mu 1992, adadzudzula poyera malipiro ochepa a antchito ndi phompho lokulirakulira pakati pa olemera ndi osauka.

Sitikunena kuti nthabwala zichotsedwe. Khrisimasi ndi tsiku lachimwemwe, ndipo ana athu aseke ndithu. Koma otsogolera masewero awerenge kaye mitu iwiri yoyamba ya Luka ndi ya Mateyo pamodzi ndi achinyamata. Mbusa apatsidwe ulemu, kulira kwa amayi a ku Betelehemu kumveke, njiwa ziwiri zija zioneke.

Ndipo inu makolo, sewero likatha ntchito yatsala kunyumba. Lipirani waganyu tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, monga likulamulira buku la Deuteronomo. Unikaninso malipiro a mtsikana amene amakuphikirani mpunga ndi nkhuku za chikondwerero. Mwana wokuwetirani ng'ombe mumpezere njira yopitira ku sukulu, pajatu mwana wa mnzako ngwako yemwe. M'mphakati mwanu funsanani kuti ndi khomo liti limene pa 25 Disembala sipadzafuka utsi, ndipo mukafikeko musanakhale pansi kudya.