Mapasa a ku Sweet Valley: Ubale, Ulemu ndi Chilungamo m'Buku la Double Love

1.0 Chiyambi

M'chaka cha 1983 kampani ya Bantam Books ya ku New York idasindikiza buku lotchedwa Double Love, loyamba pa mndandanda wa Sweet Valley High umene adaukonza mayi Francine Pascal, amene adamwalira mu 2024. Mayiyu ankalemba ndondomeko ya nkhani, ndipo alembi ena ankaimaliza pansi pa dzina loti Kate William. Mndandandawu udafika pa mabuku 143. Ena angadabwe kuti buku la achinyamata a ku California likufunanji pa msonkhano wa ziyankhulo za mu Afirika. Yankho ndi lakuti funso la zimene ana athu a kusekondale angawerenge m'ziyankhulo zawo likadalipobe, ndipo mwa njira zimene zimatchulidwa ina ndi yomasulira mabuku otere. Tiyenera tsono kuona chimene chingachitike nkhani yotere italowa m'Chichewa.

2.0 Nkhani Yake Mwachidule

Elizabeth ndi Jessica Wakefield ndi mapasa a zaka 16, ofanana nkhope ngati nyemba za m'khoko limodzi koma osiyana mtima. Elizabeth ndi wofatsa ndipo amalemba m'nyuzipepala ya pasukulu. Jessica ndi wokonda kutchuka. Onse awiri akopeka ndi Todd Wilkins, katswiri wa mpira wa basketball, koma mtima wa Todd uli pa Elizabeth. Jessica atsekereza mauthenga a mnyamatayo. Tsiku lina apita kumalo omwera mowa ndi Rick Andover, mnyamata wosiya sukulu, ndipo wapolisi amene amubweza kunyumba amuyesa Elizabeth. Jessica sakonza cholakwikacho, choncho mbiri yoipa igwera m'bale wake. Pambuyo pake anamizira Todd kuti adafuna kumugwira mwankhanza. Choona chiululika pamene Todd apulumutsa mapasawo m'manja mwa Rick.

3.0 Mphindi 4

Bukuli limatiuza kuti Elizabeth adatsogola kubadwa ndi mphindi 4. M'Chingerezi mfundo imeneyi ndi yongokometsera nkhani, pakuti liwu limodzi lomwelo limatchula m'bale wamkazi, kaya wamkulu kaya wamng'ono. M'ziyankhulo zathu zinthu sizili tero. Mtsikana wa Chichewa amati mkulu wanga kapena mng'ono wanga ponena mtsikana mnzake wobadwa naye, ndipo liwu loti mlongo amasungira m'bale wamwamuna. Chishona chili ndi mukoma, munin'ina ndi hanzvadzi. Chitumbuka chili ndi mukulu, munung'una ndi mudumbu. Womasulira sangathawe kusankha. Pa tsamba lililonse pamene Jessica atchula Elizabeth, mphindi 4 zija zisanduka udindo.

Zotsatira zake ndi ziwiri. Choyamba, mlandu wa Jessica ukula. Kulanda bwenzi la mnzako ndi nkhanza, koma kulanda bwenzi la mkulu wako ndi kumuchotsera ulemu pamaso pa anthu ndi mwano umene banja lonse lingaukhalire pansi. Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chochititsa chidwi, khalidwe la Elizabeth limveka bwino koposa momwe limvekera m'Chingerezi. Wowerenga buku loyambiriralo amatopa ndi kupirira kwa mtsikanayu, amene amakhululuka asadapepesedwe n'komwe, ndipo mlembi sapereka chifukwa chokwanira. M'Chichewa chifukwacho chili kale m'liwu loti mkulu. Mwana wamkulu amaleredwa kuti azisenza zolakwa za ang'ono ake, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Pamene mlembi adasiya mpata, chiyankhulo chathu chikadatsekapo.

4.0 Iwe ndi Inu

Vuto lachiwiri ndi la alowam'malo. Ana a ku Sweet Valley amalankhula ndi anzawo, makolo awo ndi aphunzitsi pogwiritsa ntchito liwu limodzi. Ife tili ndi iwe ndi inu, monganso Ashona ali ndi iwe ndi imi. Todd akamalankhula koyamba ndi Elizabeth, adzati iwe kapena inu? Akati inu, tidziwa kuti akumulemekeza ndipo akali patali. Tsiku limene adzasinthe n'kunena kuti iwe, wowerenga adzazindikira kuti chibwenzi chayamba, popanda mlembi kulongosola. Chingerezi chimafuna ziganizo zingapo zonena za kugunda kwa mtima kuti chifike pomwepo. Apa mlembi wa Chichewa ali ndi chida chimene Pascal adalibe.

Koma chida chomwechi chimaononga mbali ina ya nkhani. Mapasawa akayikira kuti bambo wawo, Ned Wakefield, amene ndi loya, ali pa chibwenzi ndi mnzake wa kuntchito, Marianna West, ndipo amakamba za nkhaniyi momasuka. Ana amene amati inu kwa bambo wawo sangaikambe motero. Womasulira wokhulupirika angatulutse ana amwano, pamene mlembi ankafuna ana oda nkhawa chabe.

5.0 Chilungamo Chopepuka

Pali cholakwa chimene chiyankhulo chilichonse sichingachikonze. Bodza limene Jessica anamizira Todd ndi loopsa, lokhoza kuononga moyo wa mnyamata ndiponso kuchititsa kuti atsikana ogwiriridwadi asamakhulupiriridwe. Chilango chake m'bukuli n'chiyani? Elizabeth amupusitsa kuti asinthane zovala, ndipo ophunzira amuponya m'dziwe losambiramo poyesa kuti ndi Elizabeth. Onse aseka, nkhani ithera pomwepo. Mlembi adamangidwa ndi malonda: Jessica ayenera kukhalabe chimodzimodzi kuti buku lotsatira ligulidwe. Munthu amene saloledwa kusintha sangaphunzitse wowerenga kanthu za kulapa.

Sukulunso ya m'bukuli ndi yachilendo. Muli magule, masewero ndi mkangano wa mabanja olemera a Fowler ndi Patman olimbirana bwalo la mpira, koma za maphunziro zimangomveka patali. Kwa mwana wa kuno, amene malo a kusekondale amawapeza movutikira, chibwenzi ndi mpikisano wa pasukulu zimakhudza tsogolo lake lonse. Nkhani yake ili ndi kulemera kumene ana a ku Sweet Valley sakudziwa.

6.0 Mawu Omaliza

Tisanyoze luso limene lilimo. Mitu ndi yaifupi, chinsinsi chilichonse chimabala china, ndipo mathero amatsegula nkhani ya Enid Rollins, mnzake wa Elizabeth, imene ipitirira m'buku lachiwiri. Umu ndi momwe mwana amazolowerera kuwerenga. Mndandanda wa Pacesetters wa kampani ya Macmillan, umene udayamba mu 1977, udaonetsa kuti alembi a mu Afirika amatha luso limeneli, koma adalemba m'Chingerezi. Maganizo athu ndi akuti kumasulira Double Love kungatipatse buku losakhala la ku California kapena la kwathu. Chofunika ndi kutenga kamangidwe kake ndi kulemba nkhani zatsopano, m'mene mkulu ndi mng'ono, iwe ndi inu, zikhala mizati ya nkhaniyo kuchokera pa tsamba loyamba.