Chipululu cha yani? Kuwerenganso buku la van der Post

Buku la a Laurens van der Post lotchedwa Venture to the Interior linatuluka ku London mu 1952, koma mpaka lero likuphunzitsabe alendo kaonedwe ka chigawo cha kumpoto. Kuno ku Nkhata Bay timawaona: bambo, mayi ndi khanda m'galimoto ya Land Rover, akuchokera ku Nyika, fumbi lili mbuu. Akabwerera kwawo amakalemba monyadira kuti anadutsa m'chipululu ndi mwana wakhanda. Liwu loti chipululu limeneli ndi limene landichititsa kutsegulanso bukuli.

Poyamba tiwapatse zawo akuluwa. Cholembera ankachitha. Mu 1949 anatumidwa kudzayendera phiri la Mulanje ndi mapiri a Nyika kuti boma la atsamunda lidziwe chimene lingapindule kumeneko. Akamalongosola nkhungu, udzu ndi maluwa a pa Nyika, woŵerenga amachita kumva chisanu m'mafupa. Gawo lokhudza mtima kwambiri ndi la mnyamata woyang'anira nkhalango amene m'bukumo akumutcha Vance. Iyeyu ankakhala pa Chambe ndi mkazi wake ndi khanda, ndipo anakokoledwa ndi madzi m'chigwembe cha Ruo ali pa ulendo womwewo. Ine monga mlakatuli, pamenepo ndimavula chipewa.

Koma taonani apa. Khanda la mzunguyo timalidandaulira masamba ambirimbiri. Nanga amtengatenga amene anasenza mahema ndi zakudya? Ambiri mwa iwo amaoneka ngati mzere wa mitolo yoyenda yokha. Kodi analibe makanda kwawo?

Vuto lagona poti pa Nyika sipanali popanda anthu. Aphoka anakhala m'mapiri amenewo kuyambira kale, kulima ndi kusula zitsulo, ndipo ng'anjo zawo zikuonekabe. Malowa atasanduka nkhalango yotetezedwa mu 1965, malire ake anawakuza mu 1978, midzi n'kusamutsidwa. Sindikuti bukuli ndilo linathamangitsa anthu, ayi. Ndikuti dziko likalembedwa ngati lopanda mwini, kuchotsa eni ake sikuvuta. Mlendo wa lero akasirira bata la ku Chelinda, adziŵe kuti ena analipira bata limenelo ndi minda komanso manda a makolo awo.

Mu 2001 a J.D.F. Jones analemba mbiri ya moyo wa a van der Post, amene anamwalira mu 1996, n'kuonetsa kuti akuluwa ankakonda kuthira mchere nkhani zawo. Kwa ine bodza si mlandu waukulu kwa wolemba. Mlandu ndi wosiya anthu kunja kwa tsamba.

Yerekezani ndi I Will Try, buku la 1965 la a Legson Kayira a ku Nthalire, m'mphepete mwa Nyika momwemo. Iwowa ananyamuka wapansi mu 1958 kukafuna sukulu ku America, mpaka kukafika ku Khartoum. Chingerezi chawo n'chosakometsera, mwina pena chowuma, koma njira yawo ndi yodzaza ndi anthu: opatsa madzi, olemba ganyu, okaniza malo ogona. Kwa mmodzi ulendo ndi kukadzifufuza mumtima. Kwa mnzakeyo ndi njala, matuza ndi chiphaso.

Ife a kunyanja ulendo timaudziŵa. Agogo athu Atonga ankapita ku Salisbury ndi ku Joni, monga a Clements Kadalie a ku Chifira. Pitani padoko tsiku lofika Ilala mukaone mayi wa ku Usisya akutsika, mwana kumbuyo, thumba la usipa pamutu, akuthamangira kuchipatala. Ameneyo palibe amamutcha wolimba mtima, ndipo buku lake kulibe.

Alembi anzanga, mlanduwu tisaukankhire onse kwa mzungu wakufa. Bukuli liŵerengeni, mubepo luso la kalongosoledwe ka malo. Mukatero kwerani matola a ku Rumphi ndi kope m'thumba, ndipo mayi amene wakupatsirani mwana kuti mumugwirire, mumufunse dzina.