Kuwala ndi njala ya tiana ta nsomba

Kuno ku Madziabango nsomba timaidziwa ikafika youma: usipa wa kunyanja, mlamba wowamba wa ku chigwa cha Shire. Choncho buku lonena za nsomba za m'nyanja yamchere ndinalitsegula mokayika. Dzina lake ndi Success Factors for Fish Larval Production. Analisonkhanitsa ndi Luís Conceição ndi Amos Tandler, ndipo a Wiley-Blackwell analisindikiza mu 2018.

Mutu umene wandigwira mtima ndi wa kadyedwe. Kamwana ka nsomba yotchedwa sea bream kamaswedwa kali ngati kachitsotso, pafupifupi mamilimita 3, katanyamula kamba wake m'kathumba ka pamimba. Pakangopita masiku ochepa kambayo watha, kayenera kudzisakira kokha. Kamasaka ndi maso, koma diso la msinkhu umenewo limaona pakakhala kuwala basi. Mbali yoonera m'chisisira imadzakhwima pambuyo pake. Mlimi angathire tizilombo ta rotifer thanki yonse tho, koma mukakhala mdima kamwanako kamafa ndi njala ndiwo zikuyandama pamphuno. Kuwala kukanyanya nakonso n'kolakwa: tiana timasokonezeka n'kumaunjikana m'mbali mwa thanki. N'chifukwa chake oswetsa nsomba amathiramo ndere kuti madzi abiriwire, kuwala kufewe, chakudya chioneke bwino. Ine kale ndinkaganiza kuti nsomba ikafa ndi njala ndiye kuti mwini wake waimana gaga. Sindinkadziwa kuti ikhoza kufa chifukwa chosaona.

Komatu wowerenga wa kwathu asamale. Mtima wa bukuli uli ku Ulaya, ndipo mlamba wathu sayenda m'njira imeneyi. Ana a mlamba amafufuza chakudya ndi ndevu zawo ndiponso fungo. Amakula bwino mumdima, ndipo kuwala kukachuluka satha kukhazikika, amalumana mpaka kudyana okhaokha. Mlangizi amene angatenge nzeru ya kuwalayi monga ilili n'kukayatsa getsi usiku wonse pa thanki ya ana a mlamba, adzadzuka mbewu itachepa. Chambo ndi makumba vuto lake n'lochepa, poti mayi amafungatira mazira m'kamwa ndipo ana amatulukamo atakulako.

Chodandaulitsa china n'chakuti Chingerezi chake n'cha akatswiri okhaokha, ndipo zambiri zimene likufotokoza zimadalira magetsi osathimathima ndi zipangizo zodula. Mwini damu kumudzi sangapitirire tsamba lachiwiri.

Ngakhale zili choncho, ndikulakalaka litapezeka ku National Aquaculture Centre ku Domasi komanso m'manja mwa ophunzira za nsomba ku Bunda. Alimi ambiri a madamu amalira kusowa kwa mbewu yabwino, ndipo mbewuyo imapulumuka kapena kutha m'sabata yoyamba imene bukuli laiyang'anitsitsa. Wina mwa ophunzirawo atilembere kabuku ka m'Chichewa konena nsomba imene imafuna dzuwa, imene imafuna mthunzi, ndi tsiku loyamba kuidyetsa.