Kodi Fayilo Imagaŵidwa Ngati Nsima?

Alembi a m'maofesi a ku Area 10 ndi ku City Centre mu Lilongwe amasunga maina, manambala a lamya ndi makeyala a anthu m'mapologalamu a makalata a pakompyuta monga Microsoft Outlook, imene idatuluka mu 1997. Pamenepa liwu lakuti "keyala" latipindulira: tidalizoloŵera ku positi, ndipo "buku la makeyala" limamveka kwa aliyense.

Koma liwu lakuti "kugaŵana", limene ambiri amamasulira nalo "share", nlosokeretsa. Anthu akagaŵana nsima, aliyense amatenga mbali yake ndipo m'mbale mumachepa. Fayilo siitero. Pologalamuyi imachita ntchito ziŵiri zosiyana. Yoyamba ndiyo kutumiza kope la keyala imodzi m'kafayilo ka vCard; mwini wake amatsala nayo yathunthu, ndipo akadzaikonza maŵa, wolandira uja sadziŵa. Yachiŵiri ndiyo kutsekulira mnzako foda yonse kuti aziona zili m'menemo, kudzanso zimene udzalembemo m'tsogolo.

Liwu limodzi likaphimba ntchito ziŵirizi, mlembi wouzidwa kuti "gaŵanani ndi a ofesi yakutiyakuti" angathe kuvundukula makeyala mazanamazana pamene imafunika imodzi yokha. Chiyambire 2024, pamene dziko la Malaŵi lidakhazikitsa lamulo loteteza mbiri za anthu, kulakwitsa kotere si kwa chinenero chokha ayi.

Motero tikupempha omasulira ndi akatswiri a ku Centre for Language Studies kuti alekanitse mawuŵa: "kutumiza kope" pakepake, "kuloleza kuona" pakepake.