Kodi mizere ya "parallel" ndi yofanana?

Mphunzitsi wa masamu akafuna kuti ana amvetse, amatembenukira ku Chichewa, ndipo kawirikawiri "parallel lines" amati "mizere yofanana". Ine mawu amenewa sindigwirizana nawo.

Taonani umboni woti ngodya zitatu za thirayango zikaphatikizidwa zimakwana madigiri 180. Timajambula mzere wodutsa pansonga, wa "parallel" ndi tsinde, kenako n'kuonetsa kuti ngodya ziwiri zatsopanozo n'zofanana ndi za patsinde. Tsono tikati "mzere wofanana ndi tsinde", mwana amatenga rula kuti utali ukhale umodzi. Walakwa chiyani? Ndi zomwe mneni "kufanana" wamuuza. Chonsecho utali ulibe nazo ntchito apa. Pofika pa "similar triangles" ndi "congruent triangles", mneni yemweyo timamusenzetsanso katundu wina. Zinthu zinayi, mawu amodzi basi!

Euclid, m'buku lake la Elements cha m'ma 300 BC, sananene za kufanana ayi. Tanthauzo lake ndi la mizere yowongoka ya pamalo amodzi athyathyathya, yomwe sikumana ngakhale muitalikitse bwanji mbali zonse ziwiri. Bwanji osangoti "mizere yosakumana"?

Ena anganene kuti timizere tiwiri tatifupi topendekeka natonso sitikumana papepala. Zoonadi, n'chifukwa chake mawu oti "ngakhale muitalikitse" sayenera kusiyidwa. Koma chilema chimenechi n'chochizika ndi chiganizo chimodzi. Tikatero, "kulingana" kugwire ntchito pa miyeso, "kufanana" kutsale pa maonekedwe, mwana aziikanso rula pansi.