Chigwinjiri Chimene Chinagwetsa Mfumu ya Madurai

Mwa ndakatulo zazitali zisanu zimene Atamil a kumwera kwa India amanyadira, Silappatikaram imadabwitsa ukaganizira mlembi wake. Mwambo umati Ilango Adigal anali wa banja lachifumu la a Chera, koma anakana mpando n'kukhala wodzipatula wa chipembedzo cha Jain. Komabe m'mizere yake yoposa 5,000 mwadzaza misika, magule, chikondi ndi nsanje.

Ilango anamangirira nkhani yonse pa chinthu chimodzi. Kovalan, wamalonda wa ku Puhar, amwaza chuma pa Madhavi, katswiri wovina, n'kubwerera kwa mkazi wake Kannagi chimanjamanja. Chatsala ndi zigwinjiri ziwiri zakumwendo. Atapita kukagulitsa chimodzi ku Madurai, wosula golide amene anaba cha mfumukazi amusemera chinyau, ndipo Kovalan aphedwa mlandu usanazengedwe. Kannagi aswa chigwinjiri chake pamaso pa mfumu. Mutuluka miyala ya rubi, chikhalirecho m'cha mfumukazi munali ngale. Mboni ina siifunika: mfumu igwa n'kufa, mzinda upsa.

Nyimbonso sanaziike ngati zokometsera chabe. Muli za alenje ndi za akazi oweta ng'ombe, koma zoluma ndi zimene Kovalan ndi Madhavi aimbirana m'mbali mwa nyanja. Aliyense amva ngati mnzake akuimbira wina, chibwenzi n'kuthera pomwepo popanda kukangana.

Pamene ndakatuloyi imakoka mtima kwambiri m'pamene mlaliki alimbana ndi mlakatuli mwa munthu mmodzi. Chiphunzitso chilimo ndithu. Kavunti, mayi wodzipatula wa Chijain, aperekeza banjali akulangiza, ndipo mulungu wamkazi wa Madurai auza Kannagi kuti mwamuna wake wafera zimene anachita m'moyo wina wakale. Koma yankholi lifika moto utabuka kale, ndipo silizimitsa mkwiyo wa wamasiyeyo mumtima mwa wowerenga.

Mlakatuli wina, Sattanar, popitiriza nkhaniyi mu ndakatulo ya Manimekalai, anasankha njira ina. Mwana wa Madhavi asanduka wodzipatula wa Chibuda, ndipo chakumapeto nkhani ipereka malo ku maphunziro a chipembedzo. Ilango sanalole zimenezo. Anakhulupirira kuti zochita za munthu zimamutsata, koma mawu amphamvu kuposa onse anawapereka kwa mkazi amene anapita kubwalo la mfumu kukafunsa chimene mwamuna wake anafera.