Atsekereni Pamalo Amodzi

Malangizo omwe amaperekedwa kwa olemba fan fiction yaitali pa nyengo yopatsana mphatso amanditopetsa. Onse ndi masamu okhaokha: gawani chiwerengero cha mawu ndi masiku otsala, lawirirani m'mamawa, zimitsani foni. Nzeru imeneyi inachokera ku NaNoWriMo, komwe munthu ankalimbana ndi mawu 50,000 m'masiku 30 a Novembala, ndiye kuti 1,667 pa tsiku. Koma kumeneko chachikulu chinali chiwerengero, ndipo panalibe yemwe ankadikira kuwerenga zomwe mwalembazo. Pa mphatso pali munthu mmodzi amene analemba kalata yotchula anthu a m'nkhani omwe amawakonda, zomwe akulakalaka kuona ndi zomwe sakufuna kumva n'komwe. Tsiku likakwana adzatsegula nkhani yanu n'kuiwerenga mpaka kumapeto, ndipo ngati mapetowo munawasoka mothamanga usiku womaliza, adzadziwa.

Tengani Yuletide, mwambo wopatsana nkhani ngati mphatso, yomwe inayamba mu 2003 ndipo imachitikira pa webusaiti ya Archive of Our Own. Lamulo lake limangofuna nkhani yomalizika ya mawu osachepera 1,000. Nkhani zimatsegulidwa nyengo ya Khirisimasi popanda maina, eni ake n'kuululidwa pa 1 Januwale. Komabe olemba ena, kalata ikawalowa mumtima, amayamba chinkhani chotalika kakhumi kapena kupitirira. Ena amafika nacho. Ena amagwa panjira, okonza n'kuyamba kusakasaka wolemba wa pinch hit woti apulumutse mwini kalata. Anthu amati ndi ulesi kapena kuchuluka kwa ntchito. Ine ndikuti ambiri amagwa chifukwa cha umbombo wa malo: nkhondo ikhalepo, ulendo wapanyanja ukhalepo, ukwati ukhalepo, mbiri ya makolo a aliyense ikhalepo. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Mankhwala ake ndi amene anthu amakonda kuwaseka: kutsekera anthu awiri kapena atatu pamalo amodzi n'kuwamana khomo lotulukira. Chipale chatseka msewu. Chombo chawonongeka. M'nyumba ya alendo mwatsala chipinda chimodzi, ndipo bedi ndi limodzi. Inde, bedi limodzi lija! Amalitcha njira yachidule ya olemba zachikondi, koma m'luso lonse la fan fiction sindidziwa chida china chomwe chimabala masamba ambiri pa mtengo wochepa chotere.

Mtengo wake tiuwerenge. Malo atsopano alionse amafuna kufotokozedwa, ndipo mu fan fiction amafunanso kubwerera ku buku kapena filimu yoyambirira kukatsimikiza kuti simunalakwitse, chifukwa wolandira mphatso amaidziwa nkhaniyo kuposa inu. Munthu watsopano aliyense amafuna kayankhulidwe kakekake. Zonsezi zimadya masiku. Pomwe anthu awiri amene wowerenga akuwadziwa kale, mukawatsekera, amabwera ndi katundu wawo yense: mangawa akale, mawu omwe sanauzane, nsanje, manyazi. Ntchito yanu ndi kungowaletsa kuthawana. Wina aphike, wina akane kudya. Wina ayambe kupepesa, alekeze pakati. Usiku woyamba amanamizana, wachiwiri amakangana, wachitatu chilungamo chimatuluka chokha. Kutalika kwa nkhani kumachokera pa kuchedwa kwa mawu amodzi omwe onse awiri akuopa kunena.

Ubwino wina, womwe alangizi a masamu saunena, ndi wakuti nkhani yotere imalola kudulidwa. Masiku akakutherani, mumachotsa usiku umodzi wapakati ndipo nkhani imaimabe. Yesani kutero ndi nkhani ya ulendo: anthu ali pakati pa chipululu, mzinda womwe akupita uli kutali, ndipo simungawafikitse popanda kudumpha mooneka. N'chifukwa chake ndimati chochitika chomaliza, pomwe chitseko chitseguka ndipo ayenera kusankha kutuluka limodzi kapena payekhapayekha, chilembedwe m'sabata yoyamba mphamvu zikadalipo. Mukatero, tsiku lililonse lotsatira muli ndi nkhani yoti mungapereke, ndipo beta wanu, amene amakuunikirani nkhani musanaipereke, apeza nthawi yoiwerenga modekha.

Amene akuona ngati izi n'zachibwana akumbukire Fyodor Dostoevsky. Mu 1866 anali pa mgwirizano woopsa ndi wosindikiza mabuku Stellovsky: akapanda kupereka buku latsopano pofika 1 Novembala, munthuyo akanakhala ndi ufulu wosindikiza zolemba zake kwa zaka 9 osamulipira. Nthawi yomweyo n'kuti akulembanso Crime and Punishment. Mu Okutobala anaitana Anna Snitkina, wodziwa kulemba mwachidule, n'kumamuuza mawu iye akulemba, ndipo buku la The Gambler linatha m'masiku 26. Taonani zomwe anasankha. Wofotokoza nkhani ndi mmodzi, Alexei, mphunzitsi wa ana. Malo aakulu ndi katauni kamodzi kongopeka, Roulettenburg, kokhala ndi hotela ndi nyumba ya juga. Banja lonse latsekeredwa ndi ngongole, likudikira uthenga woti agogo olemera amwalira. Ndipo m'malo mwa uthengawo, akutulukira agogo eniakewo, amoyo, atanyamulidwa pampando, n'kupita kukataya chuma pa juga! Kwa ine, bukuli limaphwa mphamvu pomwe Alexei achoka kupita ku Paris. Moto wonse uli m'katauni kaja.

Agogowo akuyankhanso dandaulo lomwe ndimalimva kawirikawiri, loti nkhani ya chipinda chimodzi imatopetsa. Imatopetsadi ngati mungosiya anthu akuyang'anana n'kumausa moyo kwa masamba makumi awiri. Ikayamba kuzizira, musatsegule chitseko kuti atuluke. Lowetsani mlendo mmodzi, amene onse samufuna, makamaka uja mwini kalata anamutchula mongodutsa. Adzasangalala kuona kuti munawerenga kalata yake mpaka pansi.

Njira zinazo sindizipatsa ulemu wambiri. Kalembedwe ka 5+1, tizigawo tisanu tofanana ndi kamodzi kosiyana, n'kosavuta kumaliza, koma nthawi zambiri ndi tinkhani tisanu n'kamodzi tomangidwa pamodzi, osati nkhani yaitali. Kusamutsira anthu m'dziko lina lomwe muyenera kulimanga kuyambira pa maziko ndi ntchito ya Big Bang, mwambo wa olemba nkhani zazitali komwe amapereka miyezi. Kubwerera m'mbuyo pafupipafupi kukafotokoza zakale ndi kuuza wokonda nkhani zomwe akudziwa kale. Ndipo mapulani a matebulo amitundumitundu pa kompyuta ndi njira yaulemu yozengerezera.

Chomwe ndimapempha ndi chochepa. Mukalandira kalata, musanawerenge masiku otsala, pezani anthu awiri amene mwini wake akuwalakalaka, funsani chomwe sangathe kuuzana, kenako sankhani malo omwe sangathawemo. Mukalephera kutchula chinthu chosauzanacho m'chiganizo chimodzi, nkhani yaitali mulibe. Lembani mawu 1,000 abwino, muwapereke nthawi isanakwane, ndipo wa pinch hit akapumeko.